MADZI SAIŴALA KHWAŴA: MSEWU WA M5 SUFUNA ZIGAMBA

Pali nkhani imene ikuyenda m'mabasi, m'misika, ngakhalenso m'maofesi ena a Boma, yakuti ndalama zomangiranso msewu wa m'mbali mwa nyanja, uja wa M5, n'zochuluka kosayenera msewu wakumudzi. Eni nkhaniyi akuti kukadakhala bwino Boma likadangokwirira maenje ndi phula, n'kuika milatho yazitsulo yogwirizira paliponse pamene madzi adula, ndipo ndalama zotsalazo n'kupita nazo ku misewu ya m'mizinda kumene kuli magalimoto ambiri. Anthu ameneŵa amalankhula mofatsa ngati osamala chuma cha dziko, kotero kuti munthu wosaganiza mofika patali angathe kuŵavomereza. N'chifukwa chake nyuzipepala ino siingakhale chete. Tiŵayankha lero mosapsatira mawu: msewu wa M5 uyenera kumangidwanso kuyambira pa maziko, milatho yake yopapatiza iyenera kuchotsedwa ndi kumanga ina yotakata ndi yaitali, ndipo aliyense wochedwetsa ntchito imeneyi, kaya ali kunja kwa Chipani kaya ali m'kati, ndi mdani wa chitukuko.

Tiyambe taŵakumbutsa kumene msewu umenewu udachokera, pakuti ambiri mwa iwo adabadwa n'kuupeza. Pa 3 Malichi 1959 Boma la atsamunda lidagwira Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda ndi kukaŵatsekera m'ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, ndipo adatuluka pa 1 Epulo 1960. Ali m'ndendemo adalingalira zinthu zitatu zoti adzachitire dziko lino likadzalandira ufulu: kumanga Yunivesite, kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kunka ku Lilongwe, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Yunivesite idatsekulidwa mu 1965, likulu lidasamuka mu 1975, ndipo msewu udalambulidwa chigawo ndi chigawo. Taonani, msewu umene ena akuunyoza lerowu udaikidwa pa mzere umodzi ndi likulu la dziko ndiponso sukulu yaukachenjede. Chifukwa chake n'chosabisika. Atsamunda ankasamala njira zopita ku minda yawo ya tiyi ndi fodya ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba. Munthu wa ku Nkhotakota ankadalira sitima ya pamadzi, bwato ndi mapazi ake, ndipo mitsinje ikadzaza m'dzinja ankakhala ngati ali pa chilumba.

Msewuwu umapatuka pa M1 kufupi ndi Balaka, n'kudzera ku Mua, Chipoka, Salima, Benga, Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche ndi Nkhata Bay, mpaka kukafika ku Mzuzu. Amene adaumanga sadalakwe. Adaumanga molingana ndi magalimoto a nthaŵi yawo ndi ndalama zimene dziko longolandira kumene ufulu linali nazo: phula lopapatiza, m'mbali mopanda podzera njinga, ndi milatho yambiri yodutsa galimoto imodzi yokha, ina n'kumadikira kutsidya. Koma kalembera wa 1966 adapeza anthu ongopitirira pang'ono 4 miliyoni m'dziko muno, pamene wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni. Malaya amene mudasokera mwana ali m'Sitandade 1 simungamuumirize kuvala tsiku la ukwati wake, ngakhale mutaŵaika zigamba zokongola chotani.

Tsono tiŵafunse aja akuti ndi msewu wakumudzi: kodi adakhalapo pambali pake tsiku limodzi n'kuŵerenga zimene zimadutsapo? Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa idayamba kugaya nzimbe mu 1979, ndipo ya ethanol, amene amasakanizidwa ndi petulo, idatsatira mu 1982. Shuga amene akumwera tiyi ku Area 47 ndi ku Namiwawa, wina amadzera pa msewu womwewu. Mpunga wa m'madambo a Bua ndi wa ku Lifuwu, usipa, utaka ndi chambo za pa Chia ndi madoko ena onse, chinangwa, mphira ndi tiyi za ku Nkhata Bay, zonsezi njira yake ndi yomweyi. Alendo opita kukaona njovu pafupifupi 500 zimene zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 amayenda momwemu. Ambulansi yochoka pa chipatala cha boma la Nkhotakota kuthamangira ku Kamuzu Central Hospital ndi mayi amene uchembere wamuvuta imayenda momwemu. Ndiponso dziko lino lili ndi njira zazikulu ziŵiri zokha zaphula zolumikiza Chigawo cha Kumpoto ndi zigawo zinzake: M1 wokwera mapiri a Viphya, ndi M5 wa m'chigwa. Mmodzi akaduka, dziko limatsala likuyenda ndi mwendo umodzi. Ngati umenewu ndiwo msewu wakumudzi, ndiye kuti kumudziko ndiko kukudyetsa mzinda, ndipo wokhuta asanyoze mphika.

Tibwere ku nzeru yawo ya zigamba. Munthu wosadziŵa amayesa kuti msewu ndi phula lakuda limene amaliona pamwamba. Mainjiniya amatiuza kuti phulalo ndi denga chabe. Pansi pake pali miyala yophwanya yotsindiridwa, pansi pa miyalayo pali dothi losankhidwa, ndipo pansi pa zonse pali nthaka ya pamalopo. Mphamvu ya msewu ili m'zigawo zapansizo, ndipo mdani wake wamkulu ndi madzi. Phula likakalamba limang'aluka, madzi amaloŵa m'ming'alumo, maziko amafeŵa, ndipo lole ikapondapo pamabadwa dzenje. Mukakwirira dzenjelo mwatseka pamwamba pokha, koma pansi mpovunda. Mvula ikangobwera, dzenje lina limatseguka m'mphepete mwenimweni mwa chigamba chija. Chigamba chili ndi ntchito yake pa msewu umene maziko ake akadali amoyo. Pa msewu umene maziko adatha, chigamba ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wokwirira maenje chaka ndi chaka amalipira msewu umodzi kambirimbiri, koma osakhala nawo.

Pa M5 nkhani ya madzi ndi yaikulu kuposa pa misewu ina, ndipo chifukwa chake chili pa mapu amene mwana aliyense wa pulayimale amajambula. Msewuwu umayenda m'tsinde mwa mapiri, pakati pa mtunda ndi nyanja, motero umapingasa mitsinje yonse yotsikira ku nyanja: Linthipe, Lingadzi, Chirua, Kaombe, Bua, Dwangwa, Dwambazi, Luweya ndi timitsinje tosaŵerengeka. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji, wa Dwangwa umachokera ku nkhalango ya Kasungu. Mvula yogwa kutali m'zigwa za Chigawo cha Pakati, kumene anthu ake sadziŵa n'komwe kuti kuli M5, imadzathera pansi pa milatho ya msewu umenewu. Ndipo mitengo ikatha kumtunda chifukwa cha makala ndi nkhuni zochizira fodya, madzi saloŵanso m'nthaka. Amatsika onse nthaŵi imodzi, atanyamula mchenga, zitsa ndi zipika.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 tidaona zimene madzi otere amachita. Mtsinje wa Dwangwa ndi ina yoyandikana nawo idasefukira, msewu udaduka, nyumba zidagwa, ndipo anthu zikwizikwi adathaŵira m'misasa. Chaka chomwecho nyanja idakwera kuposa mmene idakwerera pa zaka zambiri. Wina asanene kuti lidali tsoka la kamodzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la magetsi la Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu mazanamazana m'Chigawo cha Kummwera ndi kukokolola misewu ndi milatho. Zaka zitatu zotsatizana, madzi akutiuza chinthu chimodzi. Makolo adanena kale kuti madzi saiŵala khwaŵa. Mukaŵapanikiza ndi mlatho wochepa mpata, amakumba pansi pa nsanamira zake, kapena amadya dothi lotundumuka lolumikiza msewu ndi mlathowo, ndipo m'maŵa mwake mumapeza mlatho uli chiimire pakati pa madzi, kulibe pokwerera kulibe potsikira. Mlatho woona umayezedwa ndi chigumula chachikulu chimene mtsinjewo ungabweretse, osati ndi madzi a m'chilimwe amene mwana amaoloka atapinda kabudula.

Nanga milatho yazitsulo imene akuiyamikirayo? Mlatho wa mtundu umenewo, wotchedwa Bailey, adaukonza ndi Mngelezi wina dzina lake Donald Bailey m'nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, kuti asilikali aziumanga msangamsanga, aoloke, n'kupitirira. Ndi chida chabwino pa ngozi, ndipo tiyamika asilikali athu ndi mainjiniya amene amaumanga usiku ndi usana msewu ukaduka. Koma chiphunzitso chake n'chakuti ndi wogwirizira. Kaŵirikaŵiri umadutsa galimoto imodzi, kulemera kumene ungasenze kuli ndi malire, matabwa ake amatha, ndipo mabawuti ake amafuna kumangitsidwa nthaŵi ndi nthaŵi. Choopsa chake chachikulu n'chakuti umagonetsa anthu tulo: magalimoto akangoyamba kuoloka, aliyense amaiŵala kuti mlatho weniweni sunamangidwe. Msasa ndi wabwino nyumba ikapsa, koma bambo wolera ana ake mu msasa mpaka kukula amasekedwa m'mudzi.

Dziko lino lili ndi zitsanzo za njira zonse ziŵiri. Ku Rumphi, pa msewu wa M1, mtsinje wa South Rukuru unkaolokedwa pa mlatho wazitsulo wa galimoto imodzi, kufikira pamene udamangidwa wakonkire ndi thandizo la dziko la Japan mu 2012. Chigawo cha M5 yemweyu cha pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, chamakilomita oposa 40, chija chinali chokhotakhota ndi choopsa, chidamangidwanso ndi thandizo la African Development Bank, ndipo oyendako adaona okha kusiyana kwake. Imeneyo ndi njira ya anthu otsimikiza mtima. Njira ya azengerezu tidaiona ku Chigwa cha Shire: mu 1997 madzi adadula njanji pa Chiromo, ndipo zaka zoposa 20 zidatha sitima ya pamtunda yochokera ku Limbe osafikanso ku Nsanje. Chimene chidayamba ngati vuto la nyengo imodzi chidasanduka moyo wa mbadwo wathunthu. Anthu a ku Nkhotakota sakufuna Chiromo wawo.

Akatero amati ndalama. Inde, kumanga msewu n'kodula, ndipo sitibisa. Ndalama zake zimachokera m'thumba la Mmalaŵi: ku msonkho wa pa mafuta umene bungwe la Roads Fund Administration limayang'anira, ku zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni chimene chidatsekulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke cha mu 2022, ndi ku ngongole zimene ana athu adzabweza. Koma oŵerenga ndalama aŵa amaŵerenga tsamba limodzi la buku. Saŵerenga masipuling'i ndi mateyala otha msanga, zimene timagula kunja ndi ndalama zakunja zosoŵa kale. Saŵerenga dizilo wotenthedwa ndi lole yoyenda ngati kamba. Saŵerenga nsomba zoolera pa njira, kapena mtengo wotsika umene vendala amapatsa mlimi wa mpunga ponamizira kuipa kwa msewu. Saŵerenga kuti msewu ukaduka pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, lole yolemera yochoka ku Dwangwa ilibe njira ina yaphula koma kuzungulira ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu. Ndipo saŵerenga maliro a anthu ofera pa milatho yopapatiza, pamene galimoto ziŵiri zakumana usiku, kapena wanjinga wasoŵa kothaŵira. Msewu woipa timaulipira tsiku ndi tsiku. Kungoti malipirowo salembedwa mu bajeti.

Sitikuti aliyense wodandaula ndi wosokoneza. Mayi wa pa Benga amene ufa wake wapamphasa wadzala fumbi, dalaivala amene watopa ndi njira zolambalala, mfumu imene anthu ake adalonjezedwa chipukuta misozi koma sanalandire, onseŵa akunena zoona, ndipo Chipani chimene sichimva madandaulo a anthu chimadzikumbira manda chokha. Walira mvula walira matope, n'zoona. Koma mwambi umenewu si bulangete lofunditsa ulesi. Kuthira madzi pa njira yolambalala kuti fumbi lichepe, kuika zikwangwani zochenjeza, ndi kusamala njirayo kuti idutsike m'dzinja, ndi udindo wa kontirakitala, ndipo amalipidwa pa zimenezi. Wodandaula kuti ntchito ifulumire ndi mnzathu. Amene tikulimbana naye ndi uja wofuna kuti ntchito ichepetsedwe, ndi uja woidya mobisa ngati chiswe.

Pajatu chiswe sichichokera kutali. Chimatuluka pansi pa nyumba yomweyo. Tinene za adani a msewu amene timadya nawo mbale imodzi. Woyamba ndi womanga m'malire a msewu. Lamulo la misewu limapatula mamita 60 pa msewu waukulu, ndiye kuti mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Komabe pali anthu amene akangomva kuti oyeza malo akubwera amaumba njerwa usiku, n'kumanga kagolosale kopanda katundu, kapena kubzala nthochi dzulodzulo, kuti adzalandire chipukuta misozi. Ndalama iliyonse yolipira chinyengo chotere yachotsedwa pa simenti ya mlatho, ndipo mlandu uliwonse wotere umaimitsa makina amene Boma likulipira ngakhale ataima. Amene adapezeka pamalo mwachilungamo alipidwe msanga ndi mokwanira. Wochenjeretsa asalandire ngakhale tambala.

Wachiŵiri ndi wakuba. Dizilo wopopedwa m'makina usiku n'kumagulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu, matumba a simenti otuluka pa mpanda, zitsulo zotchinga m'mbali mwa mlatho zosanduka makasu ndi ngolo, zikwangwani zosanduka mbaula ndi zitseko za bafa. Wogula zinthu zimenezi ndi wakuba mnzake. Thumba la simenti likabedwa, konkire imasakanizidwa yochepa mphamvu, ndipo mlathowo udzagwa tsiku limene mwana wa wakubayo ali m'basi.

Wachitatu ndi wonyamula katundu wopyola muyeso. Mayeso otchuka a misewu amene adachitika ku Illinois, m'dziko la America, pakati pa 1958 ndi 1960 adaonetsa kuti mukaŵirikiza kaŵiri katundu wopsinja ekiselo imodzi, chitsulo chija chimalumikiza mateyala, kuwonongeka kwa msewu sikuŵirikiza kaŵiri koma pafupifupi ka 16. Motero lole imodzi yodzaza mopyola imadya msewu kuposa magalimoto aang'ono ambirimbiri. Wogwira ntchito pa sikelo amene amalandira kangachepe n'kuilola ipite wagulitsa msewu wa mabiliyoni pa mtengo wa botolo la moŵa.

Wachinayi ndi wolima mpaka m'milomo ya mtsinje, wodula mitengo ya m'magombe, wokumba mchenga pansi pa mlatho, ndi wotaya zinyalala m'ngalande ndi m'makalavati. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, nkhondo ya mlatho wa Dwangwa imayambira kwa inu, ku Kasungu; ya mlatho wa Bua imayambira ku Mchinji, ku Dowa ndi ku Ntchisi.

Wachisanu, ndipo ameneyu tim'nena ndi mtima woŵaŵa, amavala tayi. Ndi bwana amene amagonetsa pa tebulo pake chikalata cholipirira ntchito yotha kale, kudikira kuti wina adzam'pase moni wa m'manja. Ndi woyang'anira ntchito amene amasayina kuti dothi latsindiridwa mokwanira asanatsike n'komwe m'galimoto. Ndi kalaliki wowonjezera maina a abale ake pa mndandanda wa olandira chipukuta misozi. Kontirakitala akachedwa kulipidwa amachotsa makina, nyengo yachilimwe imene ndiyo yomangira misewu imadutsa, mitengo ya zipangizo imakwera, ndipo Boma limadzalipira chiwongoladzanja pa kuchedwa kumene kwapangidwa ndi munthu mmodzi. Anthu akumudzi sadziŵa dzina la bwana ameneyu. Iwo amangoti Boma lalephera, Chipani chanama. Antchito a Boma ambiri ndi okhulupirika ndipo amagwira ntchito m'mavuto. N'chifukwa chake sayenera kubisa mmodzi woŵaipitsira mbiri. Ndipo tinene poyera kuti khadi ya Chipani si chishango cha mbala. Wovala nsalu ya Chipani masana n'kumapopa dizilo usiku watinyoza kuposa wotsutsa aliyense.

Tsono ntchito yanu nayi, inu apampando a nthambi, a madera ndi a maboma, inu atsogoleri a amayi ndi a achinyamata kuyambira pa Kaphatenga mpaka ku Dwambazi. Khalani pansi ndi mafumu, magulupu ndi nyakwaŵa, muŵasonyeze anthu pamene pali malire a msewu, makina asanafike. Mudzi uliwonse udziŵe kuti kalavati ndi chikwangwani za pamalo pake n'zake, ndipo wogulitsa dizilo wam'zigubu akaonekere ku polisi. Achinyamata olembedwa ntchito pa msewu alembedwe poyera, osayang'ana kuti uyu ndi mwana wa yani. Madandaulo a anthu muŵatengere kwa a DC ndi ku Roads Authority mwamsanga ndi molemba, ndipo mubwerere kukaŵauza anthu yankho lake. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo afunse mafunso a manambala: makilomita angati atha, milatho ingati yamangidwa, mpata wake wodutsa madzi ndi wotani, ndipo yotsalayo itha liti. Inu a m'maofesi, chikalata cha msewu chikafika pa tebulo panu chisagone.

Kwa aja a zigamba tikuti: pitani pa Chia kapena pa Dwangwa, muime pamaso pa amayi ogulitsa nsomba ndi alimi a nzimbe, muŵauze kuti iwo ayenera msewu wa zigamba ndi mlatho wogwirizira pamene inu mukuyenda pa misewu yanjira zinayi ku Lilongwe. Mukatha kunena zimenezo osagwetsa nkhope, mubwere tidzakambirane. Ife tikudziŵa kuti mvula idzagwanso ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo Bua ndi Dwangwa adzatsikanso ndi ukali wawo wonse. Tsiku limenelo mtsinje sudzafunsa kuti adalankhula bwino pa msonkhano ndani. Udzayesa nsanamira, udzayesa konkire, udzayesa mpata umene tidausiyira, ndipo anthu adzatiweruza potengera chimene chidzatsale chili chiimire. Tiyeni timange chimene chidzatsale.